“Makina Akana”: Kuunika Mawu Ofotokozera Zigamulo za Boma Zodzera mu Kompyuta

Chiyambi

Maboma ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito kompyuta posankha anthu oti alandire thandizo, popereka malikisi a mayeso, ndiponso pofufuza anthu amene akuganiziridwa kuti adabera boma. Nkhani zotere zikafika pa wailesi, m'nyuzipepala kapena m'buku la sukulu, womasulira amakumana ndi mawu anayi a Chingerezi amene alibe anzake okhazikika m'Chichewa. Mawuwa ndi “algorithm”, “artificial intelligence”, “transparency” ndi “accountability”. Popeza nthawi imakhala itatha ndipo nkhani iyenera kutuluka, womasulira aliyense amadzipezera potulukira pake. Chotsatira chake n'chakuti ziganizo monga “makina akana”, “kompyuta yasankha” ndi “dzina lafufutika” zafala kwambiri, kufikira pomveka ngati Chichewa chabwino.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika mawu ndi ziganizo zimenezi. Muyeso wake ndi umodzi. Munthu amene wamanidwa thandizo, kapena mwana amene watsitsidwa malikisi, akamva mawuwo ayenera kudziwa amene wagamula, chifukwa chake, ndi khomo limene angakagogode. Mawu amene samufikitsa pamenepo ndi olephera, ngakhale atakoma chotani m'khutu. Zitsanzo zatengedwa ku England, ku Australia ndi ku Netherlands, chifukwa m'mayiko amenewa zinthu zidalakwika poyera, zidafufuzidwa, ndipo zotsatira zake zidalembedwa.

Mneni wobisa wochita

Vuto loyamba lili m'malamulo a chiyankhulo amene mwana aliyense amaphunzira ku pulayimale. Ziganizo zitatu izi zikunena za chinthu chimodzi:

(a) Kalaliki wafufuta dzina.
(b) Dzina lafufutidwa.
(c) Dzina lafufutika.

M'chiganizo choyamba wochita ali poyera, pakuti ndiye mwininkhani. M'chiganizo chachiwiri mneni ali mu msintho wochitidwa. Wochita sadatchulidwe, koma malo ake alipo, ndipo womva ali ndi ufulu wofunsa kuti, “Lafufutidwa ndi yani?” M'chiganizo chachitatu mneni ali mu msintho wochitika, ndipo malo a wochita atsekedwa. Palibe mwini chiyankhulo amene anganene kuti “dzina lafufutika ndi kalaliki”. Anganene kuti “lafufutika ndi mvula”, monga momwe khoma limagumukira ndi madzi, chifukwa mvula siitanidwa ku bwalo. Kusiyana kwa misintho iwiriyi kudafotokozedwa bwino ndi a Sam Mchombo m'buku lawo la 2004 lonena za kapangidwe ka ziganizo za Chichewa, koma ana a m'mudzi amakudziwa asadapite ku sukulu. Mwana amene waswa mbale amauza amayi ake kuti “mbale yasweka”.

Kotero mtolankhani akalemba kuti mayina a anthu “afufutika mu kompyuta”, waika ntchito ya ofesi m'gulu la mvula ndi chiswe. Wachita zimenezi mosadziwa, koma amene wapindula ndi ofesi.

Palinso msampha wina m'dzina lakuti “makina”. Mgwirizanitsi wake ndi a-, yemweyo amene amagwiritsidwa ntchito polemekeza munthu. “Makina akana” amamveka chimodzimodzi ndi “abwana akana” kapena “mfumu akana”. Khutu la wosauka amene waima pa mzere chiyambire m'mawa limamva mawu a munthu wamkulu amene satsutsidwa. Kalaliki nayenso amapeza pobisala, monga woombeza amene amati “ula wanena” pomwe ulawo wagwedezedwa ndi dzanja lake.

Mawu akuti “algorithm”

Mawuwa adachokera ku dzina la katswiri wa masamu, al-Khwarizmi, amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, kompyuta kulibe. Tanthauzo lake ndi malangizo otsatana, oyenera kutsatidwa limodzilimodzi kufikira yankho litapezeka. Njira yogawira nambala yaitali imene mphunzitsi amalemba pa bolodi ndi chitsanzo chake. Kompyuta imangotsata malangizowo mofulumira. Motero kumasulira mawuwa kuti “makina” kapena “kompyuta” ndi kusokoneza khasu ndi mlimi, komanso ndi mwini munda amene adalamula polima.

Zimene zidachitika ku England mu 2020 zikuonetsa kuopsa kwa chisokonezo chimenechi. M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho boma lidaimitsa mayeso chifukwa cha mliri wa Covid-19. Aphunzitsi adauzidwa kuti alembe giredi imene akuganiza kuti mwana aliyense akadapeza, ndiponso kuti asanje ana a m'kalasi kuyambira woyamba kufikira wotsiriza. Bungwe loyang'anira mayeso la Ofqual lidakonza njira ya masamu yoyerekezera magirediwo ndi momwe sukulu iliyonse idakhozera zaka zitatu zam'mbuyo. Zotsatira za mayeso a A-level zitatuluka pa 13 Ogasiti, magiredi pafupifupi 39 mwa 100 aliwonse adali otsika kuyerekeza ndi amene aphunzitsi adapereka. Mwana wanzeru wa pa sukulu imene siidazolowere kukhozetsa adalangidwa chifukwa cha kulephera kwa ana amene adamutsogolera. M'makalasi a ana ochepa, osapitirira 15, mawu a mphunzitsi ankapatsidwa mphamvu, ndipo makalasi otere amapezeka kwambiri m'sukulu zolipira. Ana adachita zionetsero ku London, ndipo pa 17 Ogasiti boma lidabwerera m'mbuyo n'kuvomereza magiredi a aphunzitsi.

Patapita masiku owerengeka, nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, a Boris Johnson, idauza ana a sukulu kuti magiredi awo adatsala pang'ono kuonongedwa ndi “mutant algorithm”. Mawu akuti “mutant” amanenedwa pa chamoyo chimene chabadwa chosiyana ndi makolo ake. Koma njira ya Ofqual siidasinthe yokha. Idachita zimene idalembedwa kuti ichite, ndipo idalembedwa motsata lamulo la nduna ya maphunziro lakuti magiredi a 2020 asakwere kwambiri kuposa a zaka zam'mbuyo. Mkulu wa Ofqual adatula pansi udindo, mlembi wamkulu wa unduna adachotsedwa, koma nduna ya maphunziro, a Gavin Williamson, idakhalabe pampando mpaka Seputembala 2021. Mkonzi wa Chichewa amene akadalemba kuti “kompyuta yalepheretsa ana” akadathandiza nawo kusenzetsa makina katundu wa anthu.

Mawu oyenera alipo kale, ndipo ndi “ndondomeko”. Powonjezera mfotokozi, “ndondomeko yowerengetsera” ikukwana. Ubwino wa mawuwa ndi wakuti ndondomeko siimera yokha ngati bowa. Womva amafunsa yekha kuti ndi ndondomeko ya yani, adailemba ndani, ndipo adaivomereza ndani.

“Nzeru” ndi “luntha”

Pomasulira “artificial intelligence”, kapena AI mwachidule, ena amati “nzeru zochita kupanga”, ena “luntha la makina”. Mawu onsewa ali ndi zilema ziwiri.

Choyamba, “nzeru” m'Chichewa siithera pa kudziwa masamu. Munthu wanzeru ndi amene amamva mbali zonse ziwiri, amadziwa pomvera chisoni, ndipo amachita manyazi akalakwa. Ndiye chifukwa chake milandu imapita kwa akulu. Kupatsa pulogalamu ya kompyuta dzina limeneli ndi kuiveka ulemu umene sidaugwirire ntchito. “Luntha” ndi lopepukirapo, komabe limanenedwa pa wamoyo, ndipo limabweretsa chithunzi cha wina woganiza m'kati mwa bokosi.

Chachiwiri, mawuwa amaphimba chilichonse, ngakhale masamu a sitandade 5. Ku Australia, kuyambira mu 2016, boma lidakhazikitsa njira imene anthu adaitcha Robodebt, yofufuzira amene adalandira thandizo la boma loposa muyeso. Thandizolo linkaperekedwa molingana ndi zimene munthu wapeza pa milungu iwiri iliyonse. Kompyuta inkatenga ndalama zonse zimene munthu adapeza pa chaka, monga zidalembedwera ku ofesi ya misonkho, n'kuzigawa mofanana pa zigawo 26 za milungu iwiriiwiri. Aliyense wodziwa moyo wa ganyu aona kale cholakwika. Munthu amene adagwira ntchito miyezi itatu n'kukhala miyezi isanu ndi inayi osapeza kanthu ankaoneka ngati ankalandira ndalama chaka chonse, ndipo ankatumiziridwa kalata ya ngongole. Udindo wosonyeza kuti alibe ngongole udaikidwa pa iye, ndipo ankayenera kufunafuna mapepala a malipiro a zaka zakale. Mu Novembala 2019 boma lidavomera m'khoti kuti ngongole yowerengedwa motero siinali yovomerezeka mwalamulo, ndipo mu Meyi 2020 lidalengeza kuti libweza madola a ku Australia 721 miliyoni pa ngongole pafupifupi 470,000. M'nkhani yonseyi mudalibe luntha lililonse. Mudali kugawa nambala ndi 26, ndiponso anthu amene adasankha kutero.

Komabe alipo mapulogalamu a mtundu wina, amene malamulo ake salembedwa ndi munthu limodzilimodzi. Pulogalamu yotere imapatsidwa zitsanzo zambiri zakale, ndipo imadzipezera zizindikiro zosiyanitsira gulu lina ndi linzake. Ofesi ya misonkho ya ku Netherlands idagwiritsa ntchito pulogalamu ya mtundu umenewu posankha makolo oti afufuzidwe pa thandizo lolipirira osamala ana, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zake chidali chakuti kaya kholo ndi nzika ya dzikolo kapena ayi. Makolo zikwi zambiri adanamiziridwa chinyengo n'kulamulidwa kubweza ndalama zimene adalibe. Nduna zonse za boma la a Mark Rutte zidatula pansi udindo mu Januwale 2021, ndipo mu Disembala chaka chomwecho bungwe loteteza chinsinsi cha anthu lidalipiritsa ofesiyo chindapusa cha mayuro 2.75 miliyoni chifukwa cha tsankho.

Pa mapulogalamu otere, mawu akuti “pulogalamu yophunzitsidwa” ndi oyenera kuposa “nzeru zochita kupanga”. Mneni wake ali mu msintho wochitidwa, ndipo malo a wochita ndi otseguka. Yophunzitsidwa ndi yani? Ndi zitsanzo ziti? Mphunzitsi aliyense akudziwa kuti mwana wophunzitsidwa ndi buku lolakwika amalakwitsa molimba mtima. Pamene zilembo za AI zafunika, chifukwa anthu azizolowera, zikhale momwemo, koma mawu ofotokozerawa azitsagana nazo pa kutchula koyamba.

“Poyera”

“Kuchita zinthu poyera” ndi mawu amene adakhazikika m'zaka za ulamuliro wa zipani zambiri pomasulira “transparency”, ndipo pa nkhani za ndalama za boma amagwira ntchito bwino. Thumba la feteleza likagawidwa poyera, aliyense amawerenga ndi maso ake. Koma “poyera” ndi mawu a malo. Amanena kumene chinthu chaikidwa, osanena ngati woona wachimvetsa.

Ofqual idasindikiza lipoti la masamba oposa 300 lofotokoza ndondomeko yake, koma idatero pa tsiku limene zotsatira zidatuluka, ana atalandira kale magiredi. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake, bungwe la akatswiri a chiwerengero la Royal Statistical Society lidadzipereka kuti lithandize, koma akatswiri ake adauzidwa kuti ayambe asaina pangano losunga chinsinsi, ndipo adakana. Lipotilo lidali poyera ndithu. Kholo limene mwana wake adataya malo ku yunivesite silikadapezamo chifukwa chimene mwanayo adatsikira kuchoka pa giredi ina kupita pa ina.

Mayiko ena ayesa kukonza zimenezi pokhazikitsa kaundula wa ndondomeko zimene boma likugwiritsa ntchito. Mizinda ya Amsterdam ndi Helsinki idayamba mu 2020, boma la Britain lidatulutsa muyeso wake wolembera ndondomeko zotere mu 2021, ndipo boma la Netherlands lidatsegula kaundula wa dziko lonse mu Disembala 2022. Chofunika mu akaundula amenewa n'chakuti amafuna kufotokoza kwa mawu wamba: ndondomekoyo imagwira ntchito yanji, imadya mbiri yanji ya munthu, ndipo ofesi yake ndi iti.

Chichewa chili ndi aneni osiyanitsa magawo amenewa. “Kuulula” ndi kunena kuti ndondomeko ilipo. “Kuonetsa” ndi kuiika pamene anthu angaione. “Kulongosola” ndi kuifotokoza mwadongosolo, ndipo “kumveketsa” ndi kufotokoza kufikira wokhudzidwayo atamva. Womasulira asankhe mneni wogwirizana ndi zimene zachitikadi. Ngati ofesi yangosindikiza chikalata, alembe kuti yaonetsa, asalembe kuti yachita zinthu poyera ngati kuti nkhani yatha. Pofuna mawu amodzi a tanthauzo lonse, “poyera ndi momveka” akukwana, ndipo salemera pa lilime.

“Kuyankhapo” ndi “kuyankha”

Mawu akuti “accountability” ndiwo avutikira kwambiri. Kawirikawiri amamezedwa ndi anzake, kotero kuti mawu awiri a Chingerezi amasanduka “kuchita zinthu poyera ndi mosabisa”, kumene ndi kunena chinthu chimodzi kawiri. Pena amamasuliridwa kuti akuluakulu “aziyankhapo”. Kachilembo ka -po kakuononga zonse. Kuyankhapo ndi kuikapo ndemanga, monga amachitira mneneri wa unduna pa wailesi, kenaka n'kupita kwawo. Kuyankha mlandu ndi kuima pa bwalo, kufunsidwa, kukonza cholakwa, ndi kulandira chilango ngati chilipo.

Chikhalidwe chili ndi chitsanzo chomveka kwa aliyense. Ukwati umakhala ndi ankhoswe odziwika mayina, ndipo zinthu zikavuta palibe amene amasowa kopita. Ndondomeko ya boma nayonso iyenera kukhala ndi nkhoswe yake, munthu wa udindo amene ali ndi mphamvu yosintha chigamulo. Mawu oyenera ndi “udindo woyankha”, ndipo munthuyo atchulidwe kuti “mwini chigamulo”. Ku Australia zidatenga zaka kuti eni chigamulo adziwike. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi a Catherine Holmes lidapereka lipoti lake mu Julayi 2023, nduna ndi akuluakulu a boma atafunsidwa pagulu, ndipo lidatumiza mayina a anthu ena ku mabungwe oyenera kuti akawaunike. Mlandu suwola, koma anthu ambiri adali atavutika kale ndi makalata a ngongole zabodza.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Chichewa

Wina angaganize kuti izi ndi nkhani za kutali. Koma ndondomeko zowerengetsera zidafika kale m'midzi ya Malawi. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, amafuna mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. M'kaundula wa boma wa mabanja, mayankho a mafunso onena za denga, makoma, ziweto, katundu ndi anthu a m'nyumba amasandutsidwa malikisi, ndipo mabanja amasanjidwa motsata malikisiwo, pambali pa misonkhano ya m'mudzi younika mayina. Njira imeneyi ili ndi cholinga chabwino, chochepetsa kukondera. Komabe wina adasankha kuti denga la malata lilemere motani poyerekeza ndi mbuzi ziwiri, ndipo mayi wamasiye amene adasiyiridwa nyumba ya malata yopanda chakudya m'kati ayenera kuuzidwa zimenezo m'chiyankhulo chake.

Malamulo omuteteza alipo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma lidasainidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu lidakhazikitsidwa mu 2024. Koma munthu safunsa za chinthu chimene sadziwa kuti chili ndi mwini. Amene wauzidwa kuti “makina akana” amabwerera kunyumba, monga wobwerera kuchokera ku munda wokokoloka. Amene wauzidwa kuti “ofesi yakana potsata ndondomeko yake” ali ndi funso lachiwiri loti afunse.

Pali otsutsa amene anganene kuti mawu amene aperekedwa munowa ndi aatali, ndipo mutu wa nkhani m'nyuzipepala ulibe malo. Mfundoyo ndi yomveka. “Ndondomeko yowerengetsera” siingapikisane ndi “makina” pa kufupika, ndipo mawu obwereka amapambana kawirikawiri chifukwa cha kufupika komweko, monga adapambanira “foni” ndi “kompyuta”. Ngati eni chiyankhulo adzasankha kubwereka “algorithm” n'kuipatsa kalembedwe ka Chichewa, palibe choletsa. Chimene sichiyenera kutayika ndi wochita m'chiganizo. “Unduna wachotsa mayina” ndi mawu atatu, chimodzimodzi “kompyuta yachotsa mayina”. Malo m'nyuzipepala ndi omwewo.

Mawu otsiriza

Alembi, akonzi ndi aphunzitsi akulangizidwa kutsata mfundo zinayi. Polemba za chigamulo cha boma, mwininkhani wa chiganizo akhale ofesi kapena munthu, ndipo kompyuta ibwere pambuyo monga chida: “Bungwe latsitsa malikisi pogwiritsa ntchito ndondomeko yowerengetsera.” Msintho wochitika upewedwe pa ntchito imene ili ndi wochita. Mawu akuti “nzeru” ndi “luntha” asungidwire anthu, ndipo pulogalamu itchulidwe molingana ndi momwe idapangidwira, yolembedwa kapena yophunzitsidwa. Pomaliza, “poyera” atsagane ndi “momveka”, ndipo “kuyankhapo” asalowe m'malo mwa “udindo woyankha”.

Aphunzitsi a Chichewa ali ndi mwayi wapadera pa ntchitoyi, chifukwa msintho wa aneni uli kale m'silabasi. Pophunzitsa kusiyana kwa “lafufutidwa” ndi “lafufutika”, n'kwabwino kutenga zitsanzo m'nyuzipepala za sabata imeneyo, ndi kuuza ophunzira kuti alembenso chiganizo chilichonse wochita ali pa malo ake.